Thandizo la makampani lizifika madzi asanasefukire

Chithunzichi tachizolowera tonse. Namondwe akangodutsa, masamba a nyuzipepala amadzaza ndi akuluakulu a makampani atavala masuti, atagwira cheke chachikulu ngati chitseko, akuchipereka kwa nduna kapena kwa mkulu wa bungwe lothandiza anthu ovutika. Pansi pake pamalembedwa mamiliyoni a makwacha. Timawerenga ndi kuyamika, ndipo kuyamikako n'koyenera. Koma ife a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi, kudzera ku Chipoka ndi Senga Bay mpaka ku Nkhotakota ndi Dwangwa, tili ndi funso lomwe chithunzicho sichiyankha. Kodi pakati pa chekecho ndi mayi amene wagona ndi ana ake pa simenti ya m'kalasi pamadutsa masiku angati, ndipo pamadutsa manja angati?

Funsoli silachipongwe. Tikulifunsa chifukwa ngozi zogwa mwadzidzidzi zasanduka mlendo wa chaka ndi chaka, ndipo njira imene makampani amathandizira mabungwe ndi imodzi mwa zinthu zimene zimagamula ngati banja lidzadzuka msanga kapena lidzakhala mu tenti mpaka dzinja lina.

Kukula kwa bala

Tiyambe ndi kukumbukira kumene tachokera. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anachotsa anthu pafupifupi 230,000 m'nyumba zawo, ndipo boma linalengeza kuti maboma 15 agweredwa ngozi. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo pasanathe miyezi iwiri kunatsatira Gombe. Kenaka mu Malichi 2023 kunadza Freddy, namondwe amene akatswiri a zanyengo a dziko lonse anatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa wina aliyense m'mbiri yolembedwa.

Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inalengeza kuti Freddy anapha anthu 679, ena 537 anasowa osapezekanso, ndipo oposa 659,000 anasowa pokhala. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo midzi ya ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe inakokoloka usiku umodzi. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi abwenzi ake a chitukuko anapeza kuti zowonongeka zinali za ndalama zoposa madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kuti kumanganso kunafuna pafupifupi madola 680 miliyoni.

Tikaika macheke onse a makampani pambali pa chiwerengero chimenechi, tiona kuti ndi kachigawo kochepa. Palibe banki kapena kampani ya lamya imene ingamange milatho yonse ya m'chigwa cha Shire. Komabe ndalama ya kampani ili ndi ubwino umene ndalama za maiko akunja zilibe. Ili pafupi, ili m'makwacha, ndipo bodi ya kampani ingathe kuivomereza m'mawa n'kuitulutsa madzulo. Thandizo lakunja limadikira kalata, kafukufuku ndi misonkhano. Masiku oyambirira a ngozi, pamene munthu akufuna madzi abwino, bulangete ndi phala la mwana, ndi amene ndalama ya kampani ili ndi mphamvu zake zonse.

Tisaganizenso kuti makampani akamapereka amangotichitira chifundo. Kapichira atagumuka, mafakitale anagwira ntchito ndi majenereta odya mafuta okwera mtengo. Msewu ukaduka, katundu safika pamsika. Mlimi amene munda wake wakwiririka ndi mchenga sagula feteleza, sagula mayunitsi, sabweza ngongole ya kubanki. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Kampani yothandiza pa ngozi ikusunga makasitomala ake omwe, ndipo palibe chochititsa manyazi pa zimenezi. Chofunika n'chakuti kuikako kuchitike mwanzeru.

Thandizo lobwera maliro atatha

Vuto loyamba ndi nthawi. Mwambo wathu ndi wakuti kampani imadikira kuti mtsogoleri wa dziko alengeze za ngozi, ndipo pokhapo imatsegula thumba. Bungwe likalandira ndalamazo limayamba kufunafuna ufa, mapulasitiki ndi ndowa pa nthawi imene aliyense akufuna zinthu zomwezo, mitengo itakwera ndipo misewu itaduka. Ndalama zikachedwa m'mabuku zimasungunukanso: mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 aliwonse, ndipo aliyense amene anali ndi lonjezo la malata kapena simenti anaona mmene lonjezolo linafupikira.

Maiko ena anaphunzira phunziroli kale. Ku America bungwe la Red Cross lili ndi dongosolo lakuti makampani amalonjeza ndi kupereka ndalama chaka ndi chaka ngozi isanaoneke, kotero kuti nyumba zosungiramo katundu zimakhala zodzaza ndipo anthu odzipereka amakhala ataphunzitsidwa kale. Ku Philippines, namondwe wa Ondoy atamiza mzinda wa Manila mu 2009, makampani akuluakulu anakhazikitsa bungwe lawolawo lokonzekera ngozi, lomwe lero lili ndi likulu lake loyendetsera ntchito za mwadzidzidzi. Ngakhale ku Madagascar, dziko losauka ngati lathu limene Freddy anayamba kuliomba asanatipeze, makampani ali ndi mgwirizano umene umakhala pa tebulo limodzi ndi boma pokonzekera nyengo ya anamondwe.

Ife Asilamu nzeru imeneyi siyachilendo kwa ife. Mbiri ya Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, ndi mbiri ya munthu amene anasunga tirigu m'zaka zisanu ndi ziwiri za zokolola zambiri kuti anthu adzadye m'zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Sanadikire kuti njala ifike pakhomo. Dziko lathu nalo linavomereza mfundo yomweyi pamene mu 2023 linakhazikitsa lamulo latsopano la kasamalidwe ka ngozi, m'malo mwa lamulo la 1991 limene linalembedwa napolo wa ku Phalombe atapha anthu mazanamazana. Lamulo lakale linkayang'ana kwambiri za kugawa thandizo. Latsopanoli likutsindika za kukonzekera ndi kuchepetsa chiopsezo. Lamulo linasintha, koma kaperekedwe ka makampani ambiri kadakali ka 1991.

Kumene makamera safika

Vuto lachiwiri likutikhudza ife a kunyanja mwachindunji. Cheke chimatsata kamera, ndipo kamera imatsata ngozi yochititsa mantha imene ili pafupi ndi tauni. Chilobwe ali pa mtunda wa mphindi zochepa kuchokera ku malikulu a makampani ku Blantyre, ndipo n'zomveka kuti magalimoto oyamba anathamangira kumeneko. Ngozi zathu zambiri sizifuula chotero. Zimabwera pang'onopang'ono.

Kolera amene anayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022 anagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo anali woopsa kuposa wina aliyense amene dziko lino linamuonapo. Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anali m'gulu la maboma amene anaika maliro ambiri. Anthu amene anafa ndi kolera anaposa chiwerengero chimene DoDMA inalengeza cha ophedwa ndi Freddy, koma imfa zawo zinabwera mmodzimmodzi, m'madoko a asodzi opanda zimbudzi ndi m'midzi yomwa madzi a m'nyanja. Panalibe phiri logumuka loti lijambulidwe.

Mu 2024 tinaonanso zina. Kumapeto kwa Febuluwale madzi anasefukira ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota n'kuthamangitsa anthu zikwizikwi m'nyumba zawo. Miyezi yomweyo nyanja inakwera kufika pamene sinafikepo kwa zaka zambiri, n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Chodabwitsa n'chakuti pa 23 Malichi chaka chomwecho boma linalengeza za ngozi ya ng'amba m'maboma 23 mwa maboma 28 chifukwa cha El Niño. Banja limodzi linkatha kutaya nyumba chifukwa cha madzi ndi kutaya chimanga chifukwa cha dzuwa m'nyengo imodzi. Ngozi zotere zimafuna bwenzi lokhalitsa. Mjigo, chimbudzi cha padoko ndi klorini wa m'zitsime sizikongola pa chithunzi, koma ndi zimene zimachepetsa manda.

Katundu, ndalama kapena luso?

Vuto lachitatu ndi mtundu wa thandizo. Kampani imakonda kupereka katundu wooneka, makamaka amene imapanga kapena kugulitsa yokha. Nthawi zina katunduyo ndi amene akufunikadi. Nthawi zina bungwe limalandira zinthu zimene silinapemphe, n'kuyamba kufunafuna ndalama ya mafuta ndi lole yoti izinyamule. Ndalama yomangidwa pa chinthu chimodzi imavutanso: wopereka akalamula kuti yonse igule ufa, ndani alipire boti lokafikitsa ufawo kutsidya la mtsinje umene mlatho wake wapita?

Pamene misika ikugwira ntchito, mabungwe ambiri apeza kuti kupatsa banja ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kumafulumira ndipo kumasunga ulemu wa wolandira. Mayi amadziwa yekha ngati chosowa chake ndi mankhwala, poto kapena yunifolomu ya mwana. Ndalamayo imazunguliranso m'magolosale a m'dera lomwelo m'malo mowapha. Kampani ya lamya ikachotsa ndalama yolipira potapa thandizo lotere, kapena ikatumiza uthenga wochenjeza pa foni iliyonse ya m'dera limene madzi akubwera, yachita zoposa cheke.

Luso la kampani ndi chuma chimene sitinachigwiritse ntchito mokwanira. Kuyambira mu 2005 kampani ya DHL ili pa mgwirizano ndi bungwe la United Nations wotumiza antchito ake kukakonza kayendedwe ka katundu pa mabwalo a ndege ngozi ikagwa, ndipo Idai atawononga mzinda wa Beira ku Mozambique mu 2019 anakagwira ntchito imeneyi kumeneko. Kuno kwathu makampani a shuga, a fodya ndi a zomangamanga ali ndi malole, mathirakitala, nyumba zosungiramo katundu ndi akatswiri owerengera ndalama. Eni malo ogona alendo ndi eni maboti a injini m'madoko mwathu ali ndi zombo zotha kufika kumene galimoto singafike. Zonsezi zimathandiza pokhapokha mgwirizano utalembedwa mvula isanayambe, aliyense akudziwa amene adzamuimbire foni ndi amene adzalipire mafuta.

Chikhulupiriro ndiye msewu wa ndalama

Vuto lachinayi ndi lopweteka kulitchula. Mu 2021 kafukufuku wa mkulu wolondoloza ndalama za boma pa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anaonetsa kuti gawo lina linathera m'maalawansi ndi m'kagulidwe kokayikitsa, ndipo nduna ina inachotsedwa pa udindo. Chaka chomwecho mlembi Onjezani Kenani ndi anzake anapempha anthu pa Facebook kuti asonkhe ndalama zogulira zipangizo za mpweya m'zipatala. Anthu wamba ndi makampani anapereka mosanyinyirika chifukwa ankaona poyera ndalama imene yalowa ndi chimene yagula. Phunziro lake n'losavuta: Amalawi si aumbombo, koma amafuna kuona kumene ndalama yawo yapita. Freddy atadutsa, boma linapempha atsogoleri opuma, Dr Bakili Muluzi ndi Dr Joyce Banda, kuti atsogolere ntchito yopempha thandizo lomangira nyumba pansi pa dzina la Tigwirane Manja. Apanso chimene chinkafunika chinali nkhope zoti opereka azikhulupirire.

Pano tiyenera kudziyang'ana tokha. Mabungwe monga Malawi Red Cross Society, Islamic Relief ndi Gift of the Givers amalandira ndalama za makampani chifukwa ali ndi mabuku owunikidwa ndi akatswiri komanso mbiri yothandiza munthu aliyense posayang'ana chipembedzo chake. Gift of the Givers, limene Dr Imtiaz Sooliman analikhazikitsa ku South Africa mu 1992, linakula kufika pokhala limodzi mwa mabungwe odalirika kwambiri mu Africa chifukwa makampani a anthu a zipembedzo zonse anaona kuti katundu wawo akufika. Kodi mabungwe ang'onoang'ono a m'maboma mwathu ndi makomiti a m'mizikiti yathu angapirire mayeso omwewo?

Mzikiti uli ndi zimene bungwe lochokera ku Lilongwe lilibe. Umadziwa mayi wamasiye aliyense, nkhalamba iliyonse yosatha kuyenda ndi nyumba iliyonse imene ili m'dambo. Umasonkhanitsa mudzi wonse Lachisanu lililonse. Koma kampani singapereke mamiliyoni kwa komiti yopanda akaunti ya kubanki, yopanda kaundula, imene mlembi ndi msungichuma ndi munthu mmodzi. Lamulo limafuna kuti bungwe lililonse loima palokha lilembetse ku NGORA ndi kupereka malipoti chaka ndi chaka. Tisaone zimenezi ngati chipsinjo chochokera kunja. Kulemba ngongole ndi kusunga chimene wasungitsidwa ndi chiphunzitso cha chipembedzo chathu chomwe. Ndipo tinene mosabisa: pamene mayina a abale a atsogoleri akhala pamwamba pa mndandanda wa olandira, kapena pamene mnansi wathu wa mpingo wina wadumphidwa, tatseka tokha chitseko chimene thandizo la mawa likanalowera.

Amalonda a pakati pathu

Tikamanena za makampani tisangoyang'ana nyumba zosanja za ku Blantyre. Pakati pathu pali eni mabasi ndi malole, ogulitsa usipa ndi chambo m'mizinda, eni mashopu ku Limbe, ku Mangochi ndi ku Salima, komanso ana athu ochita malonda ku Johannesburg ndi ku Leicester. Ambiri mwa iwo amapereka kale, ndipo ena amatero mwakachetechete. Zakaat ya malonda, yomwe ndi 2.5 pa 100 aliwonse a ndalama ndi katundu wogulitsa amene wafika pa mlingo wake ndipo watha chaka, ikanasonkhanitsidwa mwadongosolo ikanakhala nkhokwe yaikulu ya m'maboma a kunyanja.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzisiyanitsa. Zakaat ndi ngongole imene wolemera ali nayo kwa wosauka, ndipo magulu asanu ndi atatu oyenera kuilandira anatchulidwa mu Surah Tawbah. Si ndalama yotsatsira malonda, ndipo woipereka sanakomere mtima munthu aliyense. Sadaka ndi yotambasuka, ingafike kwa aliyense amene ali pa mavuto. Bungwe lolandira zonse ziwiri, pamodzi ndi ndalama za makampani wamba, liyenera kuzisunga m'matumba osiyana ndi kufunsa masheikh odziwa malamulo a zakaat, kuti wopereka aliyense akhale ndi mtima wokhazikika.

Palinso njira ya waqf, chuma chopatulidwa kuti phindu lake litumikire anthu mpaka kalekale. Uthman bin Affan, Mulungu akondwere naye, anali wamalonda, ndipo chimene anachita ku Madina ndi kugula chitsime cha Ruma n'kuchipereka kuti aliyense azitunga mwaulere. Sanagawe madzi tsiku limodzi n'kuchoka. Wamalonda wa lero amene angapatule nyumba imodzi ya lendi kuti ndalama zake zizikonza mijigo ya m'madoko, kapena zizisunga matenti ndi klorini pa boma, wayenda m'mapazi amenewo.

Ulemu wa wolandira

Freddy anatipeza kutatsala masiku ochepa kuti mwezi wa Ramadhan uyambe, ndipo abale athu ambiri anamanga swaumu ali m'misasa. Amene anawayendera akukumbukira zosowa zimene sizilembedwa pa cheke: malo obisika oti amayi asambe, madzi a udhu, chakudya chimene banja lachisilamu lingadye mopanda kukayika, nsalu zoikira maliro. Wopereka amene wayamba wafunsa anthu a m'deralo sangalakwitse pa zinthu zoterezi.

Nkhani ya zithunzi ndi yofunikanso kuilingalira. Kampani ili ndi eni masheya amene ayenera kudziwa kumene ndalama yapita, ndipo kulengeza thandizo kumalimbikitsa ena kuti apereke. Sitikutsutsa zimenezo. Chimene tikukana ndi kuimika agogo padzuwa maola atatu kudikira alendo, kuwasenzetsa thumba la ufa ndi kuwauza kuti amwetulire. Munthu amene wataya nyumba asatayenso ulemu wake kuti alandire ndowa. Lengezani chiwerengero, onetsani malisiti, jambulani mjigo. Nkhope ya wosauka si chikwangwani.

Zoyenera kuchita mvula isanagwe

Kwa makampani, pempho lathu ndi lakuti gawo la ndalama zothandizira anthu lizipatulidwa kumayambiriro kwa chaka ndi kuperekedwa kwa mabungwe odalirika pa mgwirizano wa zaka zingapo, kuti katundu azikhala ali kale ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota pofika Novembala. Mabanki athu akuluakulu akhala akulengeza phindu la mabiliyoni makumimakumi chaka ndi chaka, ndipo kachigawo kochepa ka phindu limenelo kangadzaze nyumba zosungiramo katundu m'maboma onse a kunyanja.

Kwa mabungwe, achisilamu ndi ena onse, pempho ndi lakuti mabuku akhale poyera. Mndandanda wa olandira uwerengedwe pamaso pa mudzi, amfumu ndi komiti ya ngozi ya m'deralo alipo, ndipo amayi akhale nawo pa kulemba mayina chifukwa ndi iwo amadziwa nyumba imene moto sunayake dzulo.

Kwa ife mabanja, udindo ulipo. Tidziwe amene ali mu komiti yoona za ngozi m'mudzi mwathu. Timvere machenjezo a nthambi ya zanyengo pa wailesi. Tifunse pa mzikiti ngati pali kaundula wa okalamba ndi olumala oyenera kusamutsidwa poyamba. Ndipo tikamva kuti kampani yapereka mamiliyoni m'dzina la boma lathu, tisachite manyazi kufunsa kwa khansala kapena ku ofesi ya DC kuti afika pati. Kufunsa sikusayamika.

Moyo ndi imfa zili m'manja mwa Mulungu, ndipo namondwe sitingamuletse. Koma kuyedzamira kwa Mulungu sikunakhalepo chifukwa chosiyira denga lothonya. Mitambo idzasonkhananso pamwamba pa mapiri a Namizimu, mitsinje ya Dwangwa, Bua ndi Linthipe idzadzazanso. Tsiku limenelo mayi wa m'kalasi uja sadzafunsa kuti cheke chinali chachikulu bwanji. Adzafunsa ngati boti lafika, ndipo yankho lake likukonzedwa lero, kunja kudakali kouma.